Tsamba la Rebeka Linandichotsetsa Ntchito

Ine ndi Rebeka tinkataipira pa tebulo limodzi, mu ofesi ya kabungwe kena ka zaulimi pa boma la Dowa. Inali nthawi ija zipani zitangochuluka, galimoto zoyera za mabungwe zitayamba kudzaza m'misewu. Ntchito yathu inali kutaipa malipoti a alangizi khumi ndi awiri amene ankayendera alimi kwa Chisepo, ku Bowe mpaka kumapiri a ku Ntchisi. Lachisanu lililonse ankabwera ndi mapepala onyowa ndi thukuta, olembedwa mothamanga, ife n'kumavutika nawo sabata yathunthu.

Rebeka kwawo kunali kwa Chisepo. Sukulu analekezera Fomu 2. Mwamuna wake anali mphunzitsi, ndipo atamwalira mu 1996 achibale a mwamunayo anasesa m'nyumba monse, mpaka makatani. Anamusiyira mphasa, ndowa ndi ana awiri, Lonjezo ndi Thandiwe. Mayi ake okalamba kumudzi nawonso ankangodalira iyeyo.

Mu 1998 mu ofesi munabwera makompyuta awiri. Abwana athu, a Reinford, anatiitana n'kutiuza kuti otaipa awiri tsopano tachuluka, pakatha miyezi itatu patsala mmodzi, amene adzakhale atawazolowera makinawo. Ine sindinade nkhawa, poti ndinali ndi satifiketi ya sukulu ya zotaipa ya ku Lilongwe, pamene Rebeka analibe. Tsiku limenelo iye sanapite kukadya masana.

M'kabati munali chibuku chachingerezi chopanda chikuto, chimene anaiwala mzungu amene anadzalumikiza makinawo. Chinali chophunzitsa kapangidwe ka masamba a pa intaneti. Rebeka anachitenga n'kumachiwerenga ndi kadikishonale ka Lonjezo. Pa kompyuta ankaloledwa kuyeserera pa ola la nkhomaliro lokha, ndipo masiku ambiri ola lomwelo magetsi ankazima. Choncho malangizo ouza kompyuta zochita ankawalemba ndi pensulo m'kope, n'kudzawayesa mawa lake. Akaphonya kadontho kamodzi, tsamba lonse linkatuluka loyera mbee. Kangapo ndinamupeza misozi ili chuchuchu, chala chikutsata mzere ndi mzere m'kopemo. Anaonda mpaka siketi ankachita kuimanga ndi chingwe.

Patatha miyezi iwiri ndi theka anaitana a Reinford kuti adzaone. Anali atapanga tsamba lokhala ngati fomu. Mlangizi ankangosankha dzina la mudzi, kulemba alimi amene wawayendera ndi zimene wapeza m'minda, n'kudina pamodzi, lipoti n'kutuluka lokhalokha lili loyalidwa bwino. Ntchito yathu ya sabata yonse alangizi ankaimaliza okha asanamwe tiyi. A Reinford anangogwira pakamwa. Lolemba lotsatira kalata yondichotsa ntchito inali pa tebulo panga.

Loweruka lake Rebeka anabwera kunyumba kwanga. Sindinamuyalire mphasa.

"Amake Lonjezo, mwabwera kudzalira maliro a munthu amene mwapha nokha?" ndinamufunsa.

"Amake Tomasi, ndikanatani? Ana anga alibe kwina kolowera."

Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Zaka zitatu sitinayankhulane. Ine ndinayamba kugulitsa mandasi ndi tomato panjira yopita ku Dzaleka, koma za iye ndinkazimva kwa alangizi akamadutsa. Akuti anapanganso tsamba loonetsa kumene galimoto iliyonse ya bungwe ikupita sabata imeneyo, kuti anthu asamalimbirane, ndi lina lopemphera tchuthi. Maofesi ena ankabwera kudzaonera. Koma m'makalata opita kwa othandiza bungwe kunja, dzina lolembedwa linali la katswiri wina wa ku Lilongwe amene anangobwera tsiku limodzi. Rebeka anakhalabe wotaipa.

Mu 2001 othandizawo anachoka, ofesi n'kutsekedwa, makompyuta n'kukwezedwa m'lole. Rebeka anatuluka ndi timadisiketi tisanu ndi kamodzi m'kachikwama, momwe munali ntchito yake yonse, ndi makope ake aja. Anayenda ofesi ndi ofesi, ku Mponela, ku Madisi, konse akumufunsa mapepala a sukulu. Akanena kuti angomupatsa kompyuta awaonetse, ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata n'kumuuza kuti abwana kulibe.

Kumayambiriro kwa 2002 anamva kuti chipatala china chaching'ono cha mishoni ku Ntchisi chikuvutika kugawa masiku a ntchito kwa anamwino. Matola anamutsitsira kutali, mtunda wotsalawo anakwera wapansi m'mvula. Kalaliki wa kumeneko anali munthu wabwino, anamupatsa mpando. Rebeka analowetsa disiketi yoyamba, makina n'kukana. Yachiwiri chimodzimodzi. Madisiketi onse anali atachita nkhungu ndi chinyezi cha m'nyumba yake yodontha. Kalalikiyo anamupepesa, n'kumupatsa nthochi ziwiri za panjira. Iye sanadye, anakapatsa ana.

Chimenecho chinali chaka cha njala. Anthu ankakumba zitsa za nthochi, ena ankadya chimanga chisanakhwime. Tsiku lina m'mawa ndikudutsa pa chigayo ndinaona mayi atagwada pansi, akusesa madeya osakanikirana ndi dothi n'kumaika m'chitenje. Pambali pake panakhala kamtsikana kotupa mapazi, tsitsi litafiira. Atadzutsa mutu ndinaona kuti ndi Rebeka, ndipo kamtsikanako kanali Thandiwe. Mkwiyo umene ndinausunga zaka zitatu sindinaupezenso. Ndinangoti adzuke tizipita.

Ndinkadziwa kokamutula. A Vinsenti, kalaliki wa bungwe lina logawa chakudya, ankagula mandasi anga, ndipo ankadandaula kuti chimanga chadzaza m'nkhokwe koma sichikutuluka, chifukwa mayina a olandira anasokonekera. Ena analembedwa katatu, midzi ina inasoweratu, ndipo akuluakulu anakana kutumiza malole mpaka mndandanda utalongosoka. Ndinawauza kuti mayi uyu akhoza. A Vinsenti anakayika, koma analibe pogwira. Anatipatsa kompyuta imodzi ndi masiku anayi.

Rebeka anabweretsa makope ake. Atakhala pa makina zala zinkangophonya mabatani chifukwa cha njala. Ndinamusuntha n'kukhalapo ine. Iye ankawerenga m'kope, akusintha apa ndi apo kuti zigwirizane ndi ntchito yatsopanoyi, ine n'kumataipa zimene sindinkazimva n'komwe. Ndikalakwitsa ankandikoka bulauzi. Tsiku lachiwiri magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo Rebeka anangokhala pakhomo akuyang'ana mawaya. Pamndandanda wa kwa Chisepo anali ataona dzina la mayi ake.

Tsiku lachinayi tsambalo linagwira. Dzina likalembedwa kawiri linkafiira, ndipo mudzi uliwonse unkatuluka pa pepala lake. Lole yoyamba yopita kwa Chisepo inanyamuka patapita masiku awiri, Rebeka atakwera pamwamba pa matumba. Anafika kwawo n'kupeza kuti mayi ake anaikidwa m'manda dzana lake. Panalibe wa mphamvu zoti n'kuyenda ulendo wokamuuza.

Ndinaganiza kuti akhala kumudzi sabata kapena ziwiri. M'mawa mwake ndinamupeza pa khomo la ofesi, maso ali psuu. Ananena kuti mayina a ku Bowe sanathe, ndipo kumeneko kulinso amayi a anthu.

Thandiwe anachira. Bungwe lija linamusunga Rebeka, koma pa mgwirizano wa miyezi itatuitatu, moti kwa zaka zambiri sankadziwa ngati mwezi wachinayi adzakhala pa ntchito. Anapangira masamba zipatala ziwiri, sukulu ya mishoni ndi kagulu ka alimi a fodya ku Ntchisi. Maso anayamba kumuvuta asanakwane zaka makumi asanu, ndipo adokotala anamuuza kuti achepetse kuyang'ana makina. Anawayankha kuti amva, natuluka n'kukwera minibasi ya ku Mponela, komwe ankamudikira kuti akakonze tsamba limene linasiya kusindikiza.