Manja a Amayi, Nkhope ya Wina

Dzulo pa wailesi ya kanema amatamanda mkulu wina wojambula mafilimu, akuti wakalamba akuonetsa dziko luso la amisiri akumudzi. Nditangoona nkhope yake ndinamuzindikira, ndipo fungo la dongo lonyowa linandibwerera m'mphuno.

Ndili wamng'ono, bamboyu anabwera kwathu ku Kabudula kudzajambula amayi akuumba mbiya. Amayi anasamba m'mamawa, navala chitenje chawo chopita nacho kutchalitchi. Iye anafika ndi mtsikana wam'tauni wosalala khungu, namupaka dongo m'mikono n'kumukhazika pambali pawo.

"Mayi, inu muzingoumba, musayang'ane kuno," anatero bamboyo. "Dziko lonse likudziwani."

Tsiku loonetsa filimuyo tinayenda wapansi mpaka ku Nsaru, kwa aphunzitsi ena omwe anali ndi kanema. Mbiya inaoneka ikukula, zala zikuisisita. Chipsera cha pachala chachikulu ndinachidziwa, chinali cha amayi. Koma chithunzi chitasintha, nkhope inali ya mtsikana uja, akumwetulira, dzina lake litalembedwa pansi.

"Amayi, taonani! Kanemayu wakusandutsani kukhala mtsikana!" ndinakuwa mokondwa. "Mwakongolatu, eti?"

Anthu anaseka. Amayi anangomanga bwino chitenje chawo, nandigwira dzanja. "Tiye, kungatidere."

Njira yonse ine ndinkadumphadumpha, ndikufulumira kuti ndikauze anzanga. Anaumbabe mpaka imfa yawo, koma mlendo wonyamula kamera akafika ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Panapita zaka ndisanamvetse kuti bamboyo anangofuna manja awo, nkhope yawo anaiona yosayenera kuonetsa dziko.