Mtsikana Amene Anamudula Theka la Chiwindi

Inu amene mukuona ngati zanu zada, tamvani za mtsikana uyu.

Tsiku lomwe anzake ankalemba mayeso omaliza, iye anali pabenchi yozizira ya kuchipatala, atagwira m'munsi mwa nthiti zakumanja. Anali ndi zaka 17 zokha. Siketi ankaimanga ndi pini, poti thupi linali litatheratu.

Dokotala anaonetsa iye ndi mayi ake chithunzi, n'kuloza chotupa chachikulu ngati nkhonya.

"Ndi khansa ya m'chiwindi, yosowa kwambiri, ndipo imakonda kugwira achinyamata. Majini awiri alumikizana."

Mayi ake anagwira pakamwa. "Majini? Wamutumizira ndani mwanangayu?"

"Si ziwanda, mayi. Majini ndi timalangizo ta m'maselo a thupi. Kachidutswa kapakati kanathothoka, awiriwo n'kumatana. Ndiye akungolamula maselo kuti azichulukana osalekeza. Simunamupatsire ndinu, ndipo iyenso sanalakwe kalikonse."

"Adokotala, ndifa?" anafunsa mtsikanayo.

Dokotala anayamba wakonza magalasi ake.

"Tichita opaleshoni. Koma ndisakunamize, imatha kubwerera."

Anamudula theka la chiwindi. Atachira anabwerera kusukulu, n'kukhala kalasi imodzi ndi ana omwe ankamutchula kuti achemwali. Miyezi itatu iliyonse ankagona m'makina ojambula, mtima uli m'mwamba. Foni ya mayi ake ikangolira, ankaopa kuti ndi uthenga woipa wochokera kuchipatala.

Chaka chachiwiri, kadontho ka khansa kanaoneka m'mapapo.

"Amayi, ndatopa ine. Asandidulenso," analira.

Mayi ake anamupukuta misozi, yawo ikuyenderera. "Mwanawe, ine ndikuopa kuposa iwe. Koma tiye, tipita ndi mantha athu omwewa."

Anamudulanso. Mabuku ankawerengera pabedi, singano ili pamkono. Mayeso analephera kamodzi, kachiwiri anakhoza.

Lero amagwira ntchito mu labotale ya chipatala. Amayeza tinyama tomwe madokotala adula m'chiwindi mwa odwala, kufufuza ngati majini awiri aja alumikizana, kuti mwana wa wina adziwe msanga chomwe chikumudya.

Kodi mantha anatha? Ayi ndithu. Tsiku lokajambulitsa likamayandikira, chakudya sichitsika. Koma amavala nsapato n'kupita.

Inunso musadikire kuti mantha athe kaye. Ndi mantha anu omwewo, dzukani. Mtima wokhawo, musautaye.