Makaseti Anu Sanathere Kudzala

Ba malume, dzulo ndazipeza pa intaneti nyimbo zanu zija, za mzungu uja anamwalira kalekale, amene munkati ngakhale kwawo anamuiwala. Gulu lina la okestra lazijambulanso. Malipenga atangoyamba pansipansi, ndinakuonani m'maganizo muli pa benchi lanu la ukalipentala ku Kalingalinga, mukupala thabwa, kaseti ikulira. Ndinakumbukanso tsiku lija bana Mutale a nyumba yoyandikana nafe anabwera atamanga chitambala kumutu, n'kugwada pakhomo. "Ba Phiri, ni ndani watisiya? Vinyimbo ivi pa wailesi amaika kukafa munthu mukulu." Inu simunawaseke. Munawakokera mpando, n'kukweza wailesi. "Palibe wafa, mayo. Nkhalani, mumvele pamene mavayolini onse anyamuka pamodzi." Anakhaladi mpaka mbali yonse ya kaseti inatha, ndiwo zawo zikupserera pa mbaula.

Mutatisiya, pogawa katundu wanu, achibale analimbirana wailesi, koma makaseti anakawataya kudzala, amvekere nyimbo zopanda mawu, zopanda ng'oma, zimaitana tsoka. Ine ndinakawatola onse akuona, ndipo ndikadali nawo. Anene zonena zawozo. Lero ndaika sipika pawindo, ndakweza mpaka phokoso la ku bala lagonja, ndipo sinditsitsa. Aliyense wobwera kudzafunsa za maliro ndimukokera mpando. Yankho ndi lanu lomwe lija, malume: palibe wafa.