Theka la Panado

Zaka zimene mafakitale a mu Lusaka ankatsekedwa, ine ndinkagulitsa mtedza wokazinga ku Kalingalinga. Mwamuna wanga atachotsedwa ntchito anapita kumigodi kukasaka ina, ndipo kupita kwake kunali komweko. Amene ankandidikira pakhomo anali mphaka, wamkazi, wotuwa, khutu limodzi long'ambika. Ndisaname, poyamba ndinamusunga chifukwa cha makoswe amene ankandiboolera matumba. Kenako ndinangozindikira kuti ndayamba kumuuza zonse za kumsika ngati munthu.

Tsiku lina amisiri owotcherera zitsulo a pafupi nafe anatsamiritsa geti pakhoma, getilo n'kugwa, n'kumupsinja mphaka wangayo mwendo wakumbuyo. Anafika akuukoka, akulira kulira kumene sindinamumvepo. Amisiriwo ndinawatukwana mpaka mawu kusasa, koma kutukwana sikulumikiza fupa.

Dokotala wa ziweto analiko, inde, kumayadi uko, wa agalu odya nyama ya m'chitini. Wa m'komboni kunyamula mphaka kupita naye kwa dokotala? Anthu akanati mayi uja mutu wazungulira. Ngakhale anthufe kukiliniki tinkangopatsidwa panado. Malungo, panado. Dzino, panado. Mayi wangochira kumene, panado yemweyo, mankhwala ena onsewo mukagule nokha. Ndiye m'mutu mwangamu panado anali mankhwala a chilichonse chopuma.

Ndinathyola theka, poti mphaka ndi wamng'ono ngati khanda, ndinaliphwanya ndi supuni n'kusakaniza ndi kapenta wosinja. Anadya. Madzulo anangoti zii, ine n'kumati mankhwala agwira. M'mawa anakana chakudya, ndiye theka linalo ndinalisungunula m'madzi, n'kumukanula kukamwa, n'kumuthira uku akundikanda. Ndinamukalipiranso, n'kumati ndiwe wosayamika iwe.

Pofika madzulo nkhope inali itatupa, nkhama zitada ngati dothi, akupuma mobanika. Ndinachita mantha. Ndinakaitana bambo wachikulire wa nyumba yoyandikana, amene ankayenda pansi tsiku ndi tsiku kukagwira ntchito ya m'maluwa ku Kabulonga, komwe ankasamalanso agalu ndi amphaka a bwana wake. Ananjuta, n'kumukweza mlomo ndi chala.

"Mwamupasa chani, ba neba?"

"Panado chabe. Theka dzulo, theka lero."

Bamboyo anangopitiriza kumuyang'ana nkhama zija, mpaka ndinakwiya. Ndinati lankhulani, bambo, sindinakuitanireni kudzaonerera.

"Panado ipaya pusi," anatero, kutanthauza kuti panado amapha mphaka. "Dokota wa vinyama anatiuza, olo kang'ono osayesa. Vinyama vili na mankhwala yake ya kupweteka, yamadzi, bamapima na kulema kwa chinyama. Ku nchito botolo ilipo. Sembe munaniuza, sembe ninapempha." Ndiye kuti ndikanamuuza, akanandipemphera.

"Kapempheni mawa tsono."

"Siingathandize manje. Magazi yaonongeka."

Sindikudziwa chimene ndinafunsira funso linalo, poti yankho lake lakhala likundidya mpaka lero. Ndinati nanga mwendowo?

"Mwendo sembe unapola. Pusi ukamuika mu katoni, pofunda, osamulola kuyenda, amapola yeka."

Anadzuka, n'kupukuta manja pa buluku, n'kupepesa ngati wolakwa ndi iye. Ine ndinatsala ndili khale pansi. Geti silinamuphe mphaka wanga, ndinamupha ndine, ndi chisoni changa chomwecho ndi supuni yanga. Ndinafuna wina woti ndimutukwane, amisiri aja kapena akukiliniki, koma mkwiyo unalibe kolowera.

Ndinamuika m'katoni muja mochedwa momwemo, ndinamuyalira chitenje changa chakale, ndinamudonthezera madzi pamlomo. China choti ndimupatse panalibe, ndipo dzanja langa ndinali nditayamba kuliopa. Kumsika ndinkapitabe, poti njala siidziwa maliro, koma ndinkabwerako msanga mtedza usanathe. Anatenga masiku awiri kuti afe, ndipo masiku awiri onsewo, ndikangotsegula chitseko, ankayesa kudzuka kuti adzandichingamire.