Tsiku limene a Mabuleki anapitirira geti la depoti

Dzina loti Mabuleki anawapatsa ndi anzawo a kudepoti. Anali dalaivala wa basi ya m'tauni, ndipo m'mawa uliwonse asananyamuke ankaponda mabuleki mobwerezabwereza atatchera khutu, ngati akumvetsera chifuwa cha mwana wodwala. Amakaniko ankati ndi munthu wovuta. Koma pa zaka zoposa makumi atatu zimene anagwira chiwongolero, sanagundepo ngakhale galu.

Ntchito anayamba ali mnyamata, akutsuka mabasi. Chiwongolero atachipeza sanafunenso china. Ankachoka pakhomo ana ali m'tulo, n'kubwera atagonanso. Akazi awo ankakonda kunena moseka kuti iwo ndi mkazi wamng'ono, wamkulu ndi basi.

Nthawi yopuma pa ntchito itayandikira, aliyense ankawafunsa ngati akonzeka.

"Kalekale," ankayankha choncho. "Msanawu watopa nawo mpando uja."

Koma chakudya chinayamba kubwerera m'mbale. Akazi awo atafunsa, iwo anati ndi dzino.

Tsiku lomaliza anayenda ndi kondakitala wawo wa nthawi zonse, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ankaitanana naye kuti alamu ngakhale panalibe chibale. Dzuwa litapendeka anatsitsa anthu omaliza, basi inatsala ndi awiriwo. Kudepoti kunali kutakonzedwa kaphwando kotsanzikana. Ali chapatali anaona mlonda atatsegula geti, abwana ataima ndi tayi yawo, madalaivala akukupiza zipewa, ndi akazi a Mabuleki atavala diresi latsopano.

"Taonani alamu, lero mwasanduka mkwati," anatero kondakitala.

A Mabuleki sanayatse indiketa. Basi inadutsa pageti paja n'kupitirira, anthu aja manja ali m'mwamba.

Kondakitala anaseka. "Nthabwala zanuzi! Mukatembenukira pa raundabauti?"

Pa raundabauti anawongoka, n'kulowa msewu wotuluka m'tauni. Foni yawo inayamba kulira m'thumba la shati. Inalira, inasiya, inaliranso. Kondakitala anasendera kutsogolo n'kuwayang'ana kumaso. Thukuta linali kamukamu, maso ali pamsewu, zala zitauma pachiwongolero. Liwiro linkakwera. Anapitirira lole ya matabwa pamalo pamene iwo eni ake ankakalipira madalaivala achinyamata akapitirirapo.

"Alamu, tikupita kuti?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye imani."

"Phazi likukana."

"Alamu, ine ndili ndi ana. Wamng'ono uja akundidikira."

Sanaoneke kuti amva. Kutsogolo kunali chitsikiro chachitali chothera pa mlatho wopapatiza, ndipo kondakitala ankachidziwa bwino. Anaganiza zogwira chiwongolero, koma anaona kuti akatero agubuduzika onse. Kukuwa nako kukanangowonjezera vutolo. Anabwerera pakati pa basi, anatulutsa kiyi wa kunyumba kwake n'kugogoda chitsulo chogwirira, monga ankachitira tsiku ndi tsiku.

"Wotsika pa siteji!" anakuwa ndi mawu a pantchito. "Wotsika, adalaivala!"

Dzanja la a Mabuleki linapita lokha pa indiketa. Basi inachepetsa liwiro, inapatuka bwinobwino, n'kuima pa kasiteji kopanda munthu pafupi ndi malo ogulitsira matayala. Anakoka handibuleki.

Kondakitala anadzigwetsa pampando wakutsogolo.

"Mwandichititsa mantha, bambo inu," anatero. Mawu oti alamu sanatuluke.

"Pepani. Nditaona geti lija ndinangoti ndikalowa, basi kwatha. Mawa ndidzuka ndipite kuti? Kunyumba kuja ndine mlendo. Ngakhale pokhala masupuni sindipadziwa. Anthu onse amene ndimacheza nawo ali m'basi muno."

"Nanga bwanji munkati mwakonzeka?"

"Munthu wamkulu ngati ine ndikanati chiyani?"

Foni inaliranso. Kondakitala anaisolola m'thumba lawo, anayang'ana, n'kuwapatsa.

"Ndi mayi. Zimene mwandiuzazi muwauze iwowa. Ine si mkazi wanu."

A Mabuleki anayankha mawu ali pansi. "Mayi a ana."

"Muli kuti? Mwachita ngozi?"

"Ayi. Ndili bwino. Kungoti... ndikuopa kubwera."

Kumbali inayo kunangomveka phokoso la anthu, kenako linachepa, kusonyeza kuti mayiwo apatuka.

"Inu mukuganiza kuti ine sindikuopa? Zaka zonsezi nyumba ija ndakhala ndikuiyendetsa ndekha. Sindikudziwa kuti ndizitani nanu tsiku lonse. Koma zimenezo sitingakambe inu muli kutchire ndi basi ya eni. Bwerani. Pang'onopang'ono."

A Mabuleki anatembenuza basi, ndipo pobwerera anayenda ngati anyamula mazira. Atafika, anthu ambiri anali atabalalika. Abwana anali atakwiya, nkhope ili gwa, koma kondakitala anawadula asanayambe.

"Nkhaniyo tikambe mawa, bwana. Basi yanu iyi, sinakandike ngakhale pang'ono."

A Mabuleki anapereka makiyi ndi manja awiri. Zolankhula zimene anakonzera anzawo sanazinene. Anangogwirana chanza ndi mlonda ndi amakaniko awiri amene anatsala, akazi awo n'kuwagwira pamkono.

Miyezi yoyamba inali yowawa. Ankadzukabe m'bandakucha n'kukhala m'mphepete mwa bedi, nsapato zili kumapazi. Ankalowerera za kukhitchini mpaka kukangana ndi mayi pa nkhani ya kapachikidwe ka mapoto. Anadabwa kupeza kuti akazi awo ali ndi anzawo ambirimbiri amene iwo sankawadziwa, ndiponso kuti mwana wawo wamkazi, yemwe ankamuyesa wofatsa, amayankha. Kudepoti anapitako kamodzi, anapeza aliyense ali pakalikiliki, sanakhalitse.

Pano amaperekeza mdzukulu wawo kusukulu wapansi, ndipo madzulo ena amakhala ndi mayi pakhonde n'kumafunsa nkhani za ana zimene zinawadutsa. Zina zimawaseketsa, zina zimawapweteka. Masiku ena mantha aja amawagwirabe akangodzuka. Zikatero amagwedeza mayi paphewa n'kunena kuti, "Lero zandiyambanso," ndipo mayi amadzuka kukateleka madzi a tiyi.