Thadzi lopanda mchira

Mlongo wanga ankaphikira mzungu wina wa pamgodi ku Kitwe. Mzunguyo anali atagwirapo ntchito ya mkuwa kudziko lina kutsidya kwa nyanja, ndipo anabwerako ndi nkhuku zake. Tsiku lomwe ankasamuka, nkhondo ya azungu ili mkati, anagawira antchito ake nkhukuzo. Mlongo wanga anandibweretsera msoti umodzi kukomboni, ataukulunga m'thumba la ufa.

Nditauona ndinaseka mpaka misozi. Mchira unalibe, kumbuyo kunali kozungulira ngati chikho, ndipo m'masaya munali nthenga zotuluka ngati ndevu za kapitawo. Ndinamufunsa ngati mzunguyo anayamba wadyako mchira asanagawe.

Kuseka kunatha tsiku lomwe unaikira dzira loyamba. Linali la buluu. Mnansi wanga, mayi wa Chibemba amene tinkatunga naye madzi pampopi umodzi, analitembenuza m'manja n'kunena mwa ulemu wa kwawo kuti, “Mukwai, mwaliviika m'buluu wochapira zovala. Ife si ana.” Zinandipsetsa mtima. Ndinaliswa pomwepo pamaso pake, n'kumuonetsa chikamba kuti ndi m'kati momwe mtundu ndi womwewo. Kuyambira pamenepo amayi a mzere wathu wonse ankabwera kudzasuzumira m'khola, ena akuchita chizindikiro cha mtanda.

Ine ndinali mtsikana wongokwatiwa kumene, wochokera kumudzi kufupi ndi Fort Jameson. Chibemba chinkandikola pakamwa, ndipo amuna anga akalowa pansi pamgodi ndinkakhala tsiku lonse wopanda wolankhula naye. Thadzi limenelo ndi lomwe linandipezera anzanga. Ndinkalikonda, sindibisa.

Chaka chotsatira chitopa chinasesa komboni yonse. Nkhuku zanga zina zonse zinapita. Ilo ndinalitsekera m'nyumba, kuseri kwa chitseko, amuna anga akung'ung'udza za fungo, ndipo linapulumuka. Tambala womaliza wa mumzere wathu anali atalikwera asanafe, choncho litaikira n'kuyamba kukhalira mazira, ndinadziwa kuti mbewu yonse ili pansi pa mapiko amenewo.

Ndiye nthawi imeneyo apongozi anga aakazi anatulukira, atayenda pa lole mpaka ku Lusaka, kenako pa sitima. Anali asanaponde pakhomo panga chikwatiwire.

Kwathu mlendo wotere sumupatsa kapenta kapena nyemba. Umagwira nkhuku, n'kukamuonetsa ili yamoyo, kuti aone ndi maso kuti sinafe yokha, kenako n'kukaipha. Amuna anga anazungulira komboni yonse kufuna ina, koma anabwera chimanjamanja. Anandiitanira kuseri kwa nyumba.

“Amayi ayenda ulendo wonsewu. Akabwerera kumudzi akanena kuti chiyani?”

“Akanena kuti mwana wawo ali ndi mkazi wouma manja,” ndinatero. “Ndikudziwa. Koma mpeni mugwire ndinu, ine ayi.”

Ndinachotsa thadzi lija pachisa likundijompha. Mazira anali otentha. Ndinawafunditsa kansalu, ngakhale ndinkadziwa kuti n'zopanda ntchito. Ndinapita pakhonde pamene anakhala apongozi, ndinagwada chapatali monga mwa ulemu, n'kupereka nkhukuyo ndi manja awiri, maso ali pansi.

“Amayi, kandiwo kake n'komweka.”

Anailandira. Ndinkayembekeza kuti angoigwira pamutu n'kundibwezera, monga amachitira alendo. Koma iwo anaitembenuza chagada, n'kupisa zala m'nthenga za pachifuwa. Pamenepo panali pometeka, potentha, monga zimakhalira nkhuku ikamakhalira.

“Iwe,” anaitana mwana wawo, osati ine. “Nkhuku iyi ili pamazira. Ndani anakulera iwe?”

Amuna anga anayamba kufotokoza za chitopa ndi za ulemu, koma sanapatsidwe mpata. Apongozi anati nkhukuyo aiona, ailandira, tsopano ndi yawo, ndipo nkhuku yawo ibwerere pachisa msanga mazira asanazizire. Anadzuka n'kunditsatira kukaona okha. Nditavundukula kansalu kaja anawerama n'kuyang'anitsitsa mazira a buluuwo. Kenako anati, “Mayo! Mwana wanga, kodi kuno ku migodi ndi nkhuku zomwe zimaikira zachizungu?” Aka kanali koyamba kunditchula kuti mwana wanga. Tsiku limenelo anadya kapenta, ndipo anaonjezera.

Anabwera kuti akhale sabata imodzi, koma anakana kuchoka mpaka anapiye ataswa n'kusinkhukako. Tinkasinthana kulondera mphamba, iwo ndi ine, ndipo kukhala pamodzi pakhonde kuja kunathetsa kuopana. Amuna anga ankadandaula kuti m'nyumba mwawo momwe asanduka mlendo. Pobwerera apongozi ananyamula anapiye awiri osinkhuka m'kadengu, thadzi lija n'kundisiyira. Anati ndiziwasungira. Mwa misoti yomwe inatsala ndinapatsako mnansi wanga wa Chibemba uja, ndipo ndinamuuza kuti buluu wochapira azigula yekha.

Nkhondo itatha tinalandira uthenga wa maliro a apongozi aja. Tinafika kumudzi ataikidwa kale. Ndili m'nyumba ya siwa, mayi wina amene sindinkamudziwa analowa ndi mbale ya mazira ya alendo. Pakati pa oyera panali a buluu, ena obiriwira pang'ono. Ndinamufunsa komwe anapeza nkhuku zotere.

“Zili mudzi wonse,” anatero. “Malemuwa ankagawira aliyense, koma ankaletsa kupha thadzi. Amati si zawo, ndi za mwana wawo wamkazi wa ku Kitwe, tsiku lina adzabwera kudzaziona.”

Panjira yonse sindinalire. Ndinalirira pambale ya mazira ija.