Chisanu pa Boneti

Mirta Zalazar anabadwira ku Santa Brígida, kamudzi ka misewu inayi pakati pa minda ya tirigu, ndipo sanaganizepo zochokako. Bambo ake ankakama ng'ombe za eni. Iye anaphunzira unamwino, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi ankatenga magazi a odwala pachipatala china mumzinda wa Rosario, mtunda wa makilomita makumi asanu ndi anayi. Anzake akamuuza zosamukira m'tauni ankangoseka. Amayi ake okalamba akanawasiyira yani? Nanga mtengo wa mandimu wa kuseri kwa nyumba?

Zaka zonsezo ankakwera basi ya m'bandakucha. Koma chaka chimenecho, soya atangokololedwa, eni basi anaichotsa nasiya ya dzuwa litatuluka. Mirta anayamba kuchedwa, ndipo munthu amene wabwera kuchipatala osadya kuti amutenge magazi sadikira mwaulemu. Atachedwa kachinayi, mkulu wa anamwino, mayi Ofelia, anamuitana.

"Mirta, dzanja lako ndi lofewa, odwala amakufuna. Koma kuyambira Lolemba, ukachedwanso malo ako ndipatsa wina. Ndatopa kukuikira kumbuyo."

Linali Lachitatu, Julaye ali kumapeto, nyengo imene chisanu chimagona pa udzu mpaka dzuwa litakwera.

Madzulo ake, ataganiza zogula galimoto, anapita kwa mlamu wake Fulgencio, mwamuna wa mkulu wake, amene anayendetsa malole zaka makumi atatu ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Anamupeza akumwa tiyi wa masamba a yerba pakhonde, atafunda bulangete.

"Ya petulo ikudyani wamoyo, alamu," anatero Fulgencio akumupatsa chikho. "Msewu waukuluwo umafuna dizilo, yakale, ya injini yopanda matama. Koma dizilo saionera masana. Masana iliyonse ndi mkamwini wa tsiku la ukwati. Muione ikudzuka m'mawa wozizira, ndi pamene imaulula khalidwe lake."

"Ngati inuyo?"

"Ine ndimalira kamodzi n'kamodzi. Funsani akulu anu."

"Anandiuza kale kuti amachita kukankha."

Mawa lake, ali m'basi, Mirta anaona galimoto yofiira m'tauni yoyandikana nawo, chigubu chitasanjikidwa padenga kusonyeza kuti ikugulitsidwa. Inkawala ngati phwetekere wothiriridwa. Fulgencio anaimbira foni mwini wake, munthu wina dzina lake Walter, namuuza kuti abwera Loweruka m'mawa, ndipo asailize kufikira iwo atafika. Walter analumbira kuti saikhudza n'komwe.

Loweruka anapita pa njinga yamoto ya Fulgencio, mphepo ikuwadula makutu. Dziko lonse linali mbee, waya wa mipanda, zitsa za soya, ngakhale misana ya akavalo. Walter anawalandira ndi manja awiri. Analowa m'galimoto, n'kupotoza kiyi, ndipo injini inalira pomwepo, mosalala, popanda utsi. Fulgencio anatseka maso, mutu utapendekeka.

"Mwaimva, alamu? Iyi si galimoto, ndi kwaya."

Mirta sankamvera. Ankayang'ana. Padenga panali chisanu, pa magalasi chisanu, madzi a m'chigubu ataundana. Koma boneti inali yofiira psuu, madontho akutsetsereka. Anakumbuka ali mwana, akutsatira bambo ake kubusa m'mawa wotere: udzu wonse woyera, koma apa ndi apo chigamba chobiriwira pamene ng'ombe inagona.

"Achimwene," anatero mofatsa kwa Walter, "chisanu cha kwanu kuno ndi chaulemu. Chagwa ponseponse koma boneti yanu chailambalala."

Walter anaseka kwambiri. "Ndi dzuwa limenelo, chemwali."

"Dzuwa liti? Likadali kuseri kwa nkhokwe uko."

Pamenepo zenera la nyumba yoyandikana linatseguka, mayi wina wovala chipewa chaubweya natulutsa mutu.

"Igulenitu, anthuni, tigoneko! Yakhala ikutsokomola kuyambira tambala woyamba. Utsi wake wandidetsera zochapa."

Fulgencio anatsegula maso, nakanda m'khosi. "Inenso ndinaona," anatero. "Ndimafuna ndikuyeseni."

"Kwaya," anatero Mirta, akukwera njinga.

Pobwerera sanaseke nthawi yaitali. Lolemba linali mkuja. Fulgencio anadzera njira yafumbi yachidule, ndipo atadutsa mlatho, Mirta anamumenya paphewa. Pansi pa mtengo wa bulugamu, pafupi ndi makola a nkhuku, panaima galimoto yotuwa ya msana wautali, chitseko chimodzi cha mtundu wina, chigubu padenga. Inali yoyera ndi chisanu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mirta anatsika n'kulemba dzina lake pa boneti ndi chala.

Mwini wake anali a Hilario, mkulu wogulitsa mazira, amene maso anali atayamba kuchita nkhungu, ana awo n'kuwaletsa kuyendetsa.

"Yagona masiku asanu osalira," anatero. "Musaiseke, mwanawe. Yapita ku Rosario ndi mazira m'mawa uliwonse zaka khumi ndi ziwiri, ndipo silinaswekepo ndi limodzi lomwe."

"Ndi limodzi lomwe, bambo?"

"Chabwino, awiri. Koma ankayendetsa mkamwini wanga."

Anatulutsa kope lonona ndi mafuta, mmene analemba tsiku lililonse limene anasintha oyilo ndi lamba wa injini. Fulgencio analiwerenga ngati kalata yachikondi, kenako anagwada n'kusuzumira pansi: panalibe dontho. Mirta anakhala pampando. Munkanunkha nkhuku.

"Musafulumire," anatero a Hilario. "Dikirani kagetsi kachikasuko kazime. Nkhalamba saidzutsa mokuwa."

Kagetsi kanazima. Mirta anapotoza kiyi. Galimoto inatsokomola kamodzi, inagwedezeka ngati galu wotuluka m'madzi, n'kuyamba kugunda mtima wake, du du du, osaphonya. Fulgencio anatchinga mpango woyera kumpope wa utsi, nawerenga mpaka makumi awiri. Mpango unangotuwa pang'ono.

"Si kwaya," anatero, "koma nyimbo ikuidziwa."

Anaiyesa pa msewu waukulu mpaka mphambano yachiwiri. Sinali yothamanga. Malole ena ankaipitirira, koma singano ya kutentha inangoima pakati osasuntha, ndipo ya mafuta inkaoneka ngati yagona tulo. Pa mtengo sanalimbane. A Hilario anawonjezerapo mazira makumi atatu, ndipo anapempha chigubu chawo, poti chinali chomwetsera anapiye.

Lolemba Mirta anadzuka nyenyezi zikadali m'mwamba. Amayi ake anali atamanga kale kansalu kofiira kumbuyo kwa galimoto kuti maso a anthu ansanje alambalale, ngakhale panalibe munthu amene akanaichitira nsanje. Mirta anathira madzi pagalasi, anadikira kagetsi, ndipo inalira. Nkhungu inali itagona m'zigwa. Kum'mawa kutayamba kufiira, tirigu wamng'ono anaoneka mbali zonse ziwiri za msewu, wobiriwira pansi pa chisanu.

Mayi Ofelia pofika anapeza odwala asanu ndi mmodzi atatengedwa kale magazi, akudya mabisiketi awo pabenchi. Anayang'ana wotchi, anayang'ana Mirta, kenako ananunkhiza m'mwamba.

"Kodi muno mwalowa nkhuku?"

"Ndi ine, mayi. Ndizolowereni."

Mapichesi pochita maluwa, fungo lija linali litachepa, koma silinathe. Mirta amayendabe nayo. Loweruka lililonse amapatukira kwa a Hilario kukagula mazira, ndipo mkuluyo, amene tsopano saona bwino nkhope ya munthu, amaizindikira ikadali pa mlatho n'kuyamba kutereka madzi a yerba.